Dzina la a Bakali pa Tsamba la Zamkatimu

1963

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira ku Liwaladzi, sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo palibe china choti muphunzirepo. Mbiri yanga iyambira tsiku limene ndinalowa m'nyumba yosindikiziramo mabuku ya mishoni pa boma la Nkhotakota, ndipo ithera tsiku limene anandilanda makiyi a nyumbayo. Ndikudziwa kuti anzanu ankakunenani kuti bambo wanu anachotsedwa ntchito chifukwa choba mapepala. Simunandifunsepo, inenso sindinakuuzeni. Tsopano ndakalamba, maso ayamba kuchita chidima. Werengani, muweruze nokha.

Kapitawo wanga woyamba anali a Yohane Mbewe, munthu wamfupi, wosaseka, amene zala zawo zinali zakuda ndi inki mpaka tsiku la maliro awo. Masiku amenewo buku tinkalimanga ndi manja. Chilembo chilichonse chinali kachidutswa ka mtovu pachokha, ndipo zinkakhala m'mabokosi athabwa a timagawo, chilembo chilichonse ndi chipinda chake. Unkatola chimodzichimodzi n'kumazindandalika mozondotsa, mzere ndi mzere, mpaka tsamba litadzaza, kenako n'kulimangirira pa makina opalasa ndi phazi. Mabokosiwo anachokera ku Mangalande, ndipo eni ake anawayeza pa chilankhulo chawo. Chichewa chimadya a, k ndi z kuposa Chingerezi, choncho tsamba lisanafike pakati zilembo zimenezi zinkatha. Tinkasindikiza theka la tsamba, kumasula zilembo, kumanga theka linalo, n'kubwezanso pepala lomwelo pa makina. Inali ntchito yothyola msana, koma ukagwira buku lotha unkadziwa kuti mulibe chilembo chimene sichinadutse m'zala zako.

A Mbewe anali ndi lamulo limodzi loposa ena onse. Tsamba la zamkatimu, lija limandandalika mitu ya m'buku ndi manambala a masamba ake, linkamangidwa pomalizira penipeni. "Ameneyu ndi wolozera njira," ankatero. "Salozera nyumba zisanamangidwe. Mlendo akafika pakhomo la buku amafunsa iyeyu kuti uje akhala kuti. Akaiwala munthu mmodzi, kwa mlendoyo ndiye kuti munthuyo sakhala m'mudzimo." Tikamanga tsambalo, kapitawo ankakhala pansi, chala chimodzi pa zamkatimu, dzanja lina likutsegula buku, mutu ndi mutu mpaka kumapeto. Chaka china iwo omwe anadumpha mutu m'kabuku ka maphunziro a ubatizo, ndipo zinaoneka mabuku atasokedwa kale. Sanakalipire munthu. Anasindikiza tsamba latsopano, anatenga lezala, n'kumadula tsamba lolakwikalo m'buku lililonse, kusiya kamphepete kopyapyala, n'kumamatapo latsopano ndi phala la ufa wa chinangwa. Ine ndinkawaphikira phalalo. Ndi mmene ndinaphunzirira.

1976

Pamsika pathu panali a Bakali Sumani, Msilamu, mwini boti la injini, wogulitsa usipa wouma. Ankabwera kwa ife kudzapempha zodulidwa za mapepala zoti ana a kumadrasa azilembapo, ndipo sankabwera chimanjamanja. Anali munthu wa pakamwa pakuthwa, wokonda kuseketsa anthu. Panalinso mkulu wa anyamata a chipani m'dera lathu. Dzina lake sindilemba, poti zidzukulu zake zilibe mlandu. Tinkangomutcha a Tcheyamani. Ameneyu ankalowa m'nyumba yathu osaodira, n'kumagogoda mabokosi a zilembo ndi ndodo yake, kufuna kuti timusindikizire zolengeza misonkhano mwaulere. Tinkamusindikizira.

Tsiku lina anauza a Bakali kuti anyamule ovina ndi mphatso pa boti lawo kupita kumsonkhano, petulo wawo womwe. A Bakali anayankha anthu akumva: "Injini imamwa petulo, a Tcheyamani, siimwa nyimbo." Anthu anaseka. Sabata isanathe galimoto inaima pamsika masana dzuwa lili pamutu, a Tcheyamani analoza ndi ndodo ija, ndipo a Bakali anakwezedwa m'galimotomo. Msika wonse unaona. Sanabwerenso. Sikunabwere uthenga, sikunabwere mtembo.

Muyenera kumvetsa chinthu chimodzi kuti zotsatirazi zikumvekereni. Kwa anzathu Achisilamu, munthu akamwalira pamachitika sadaka: amaphika mpunga, abale amasonkhana, shehe amawerenga duwa, ndilo pemphero lawo, dzina la womwalirayo limatchulidwa. Koma kuchita sadaka ya a Bakali kunali kunena poyera kuti afa, ndipo kunena kuti afa kunali kufunsa amene anawapha. Akazi awo, Mayi Mwanaisha, sanachite sadaka. Anakhala osadziwika ngati ndi amasiye kapena ndi apabanja, akugulitsa mandasi pa depoti, mpaka tsitsi linachita imvi.

Zaka zotsatira zinali za kusowa. Mapepala ankabwera pa sitima ya panyanja, ndipo nthawi zambiri sitima inkafika yopanda mapepala. Inki tinkaisungunula ndi parafini mpaka zilembo zinkatuwa ngati phulusa. Ntchito itachepa ananditumiza ku Nkhunga kukapukusa kamakina kochulukitsira mayeso a ana asukulu. Ndinakhalako pakati pa udzudzu ndi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana obwera kudzatsegula minda ya nzimbe, ndipo sindinadandaule. A Mbewe atamwalira anandiitanitsa, n'kundipatsa ukapitawo, makiyi, ndi nyumba ya mishoni ya malata imene ambiri a inu munakuliramo.

1995

Zipani zitachuluka, zinthu zambiri zinabwera nthawi imodzi: manyuzipepala otukwana, malaya a mitundumitundu, ndi azungu a mabungwe okwera galimoto zoyera. Kwa ife kunabwera manijala watsopano, a Likongwe, mnyamata wa zaka za mwana wanga woyamba, wa tayi ndi chikwama cha m'manja. Bungwe lina linatipatsa kompyuta ndi makina osindikizira a magetsi. Woyendetsa kompyutayo anali Esinati Phiri wa ku Benga, amene anaphunzira ntchitoyo ku Blantyre. Anali ndi mwana wamng'ono wopanda bambo, ndi mayi ake osaona, onse akudya m'dzanja lake.

Sindinena zoipa za kompyuta. Tsamba limene ine ndinkamanga tsiku lathunthu, Esinati ankalimaliza madzi a tiyi asanawire, ndipo zilembo sizinkamuthera. Sindinena zoipa za Esinati. Anali wa ulemu ndi wakhama, ngakhale ankakonda kundiseka kuti ndimagwira kompyuta ngati ndikugwira ng'ona kumchira. Chimene ndinena ndi cha a Likongwe. Sabata yawo yoyamba anandiitana mu ofesi, osandipatsa mpando.

"Madala, masiku a mtovu atha. Kuyambira lero inu muzipinda, kusoka ndi kudula."

Palibe anali atanditchapo madala pantchito. Ndinali a Chikuse kapena a Kapitawo.

"Nanga kuwerenga masamba asanasindikizidwe?" ndinafunsa. "Nanga kuyendera zamkatimu?"

"Kompyuta imalemba yokha zamkatimu. Siitopa, siiwala, ndipo siipempha penshoni."

Anaseka okha. Mwezi womwewo anagulitsa zilembo zathu kwa asodzi kuti azisungunula n'kupanga zolemetsera maukonde. Ndinapita kugombe n'kupeza munthu akusungunula m'chitini zilembo zimene ndinasindikizira nazo nyimbo za maliro a bambo ake. Sankadziwa, ndipo sindinamuuze. Mabokosi awiri okha ndinawakankhira pansi pa tebulo lodulira mapepala n'kuphimba ndi chiguduli. Makina opalasa aja anatsala pakona chifukwa panalibe wotha kuwanyamula. Ine ndinali nditatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi kuti ndipume pantchito mwaulemu. Ndinaganiza zopinda mapepala mwakachetechete mpaka tsikulo lifike.

1996

Chaka chimenechi akuluakulu a mipingo ndi mashehe anapanga komiti yosonkhanitsa nkhani za anthu a m'mbali mwa nyanja amene anazunzika kapena kusowa m'zaka za chipani chimodzi. Anayenda kuchokera ku Benga mpaka ku Nkhunga, akulemba zimene mabanja ankanena. Munthu aliyense anali ndi mutu wake m'bukulo, ndipo mutuwo unali dzina lake. Komiti inakonza kuti tsiku lokhazikitsa bukulo, mlendo wolemekezeka adzatsegule pa zamkatimu n'kuwerenga mainawo mokweza, ndipo banja lililonse lidzaimirire dzina la m'bale wawo likatchulidwa. Mlendo wolemekezekayo anali a Tcheyamani. Anali atasintha mtundu wa malaya, akulankhula za ufulu pa misonkhano, ndipo anali atalonjeza a Likongwe ntchito yonse yosindikiza zolengeza za chipani chake chatsopano. Komiti inati kumuitana ndi njira yoyanjanitsira anthu. Ine palibe anandifunsa.

Mabuku anatha kusokedwa Lachinayi, mwambo uli Lolemba. Masana a Lachinayilo ndikulongedza m'makatoni, ndinamva odi pakhomo. Anali Mayi Mwanaisha, atafunda mpango woyera, atanyamula kambale ka usipa monga ankachitira amuna awo.

"Achimwene, akuti buku latha."

"Latha, mayi."

"Ndionetseni pamene pali a Bakali. Zilembo zanuzi sindiziwerenga, koma ndione malo ake okha. Shehe wanena kuti dzina likawerengedwa pagulu, aboma ali pomwepo, palibenso choopa, tichite sadaka. Mpunga ndasunga kale. Alongo awo akubwera kuchokera ku Salima."

Ndinatsegula pa zamkatimu n'kutsitsa chala. Ndinafika pansi. Ndinayambiranso pamwamba. Dzina la a Bakali panalibe. Ndinatsegula mkati, tsamba ndi tsamba, ndipo ndinalipeza cha kumapeto, nkhani yonse ili bwinobwino pansi pake. Ndinawaonetsa pamenepo. Anaika chikhatho chonse pa tsambalo ngati akugwira mphumi ya wodwala.

"Adzawerenga dzinali, achimwene?"

"Adzawerenga," ndinatero.

Atachoka ndinapita kwa Esinati n'kuika bukulo pa tebulo lake. Anayang'ana, anatsegula bukulo pa kompyuta, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. Agogo, ndaona. Nkhani iyi inabwera mochedwa, pa disiketi ya abusa a m'komiti. Iwo mutu wake anangoukuza n'kuudetsa kuti ufanane ndi inzake. Pamaso ukufanana, koma kompyuta siona ndi maso. Imatola mitu yokhayo imene ndaipatsa chizindikiro chakuti uwu ndi mutu. Wopanda chizindikiro imaudutsa ngati mawu wamba."

"Ndiye kuti nayonso imafunsa khadi la chipani pakhomo la msika," ndinatero.

Anafuna kuseka, koma misozi inali itayamba kale. Ndinamuuza kuti asalire, chifukwa cholakwa ngati chimenechi chinkachitika ngakhale kwa a Mbewe, ndipo n'chifukwa chake kale panali munthu woyendera ndi chala. Anapukuta maso. Anasankha mutu uja, anaupatsa chizindikiro chake, n'kuuza kompyuta kuti isonkhanitsenso mitu yonse. Ndikuona ndi maso angawa, mizere inasuntha yokha, ndipo dzina la Bakali Sumani linalowa pamalo pake, nambala ya tsamba ili pambali. Sizinatenge nthawi yomwera kapu ya madzi. Pa galasi la kompyuta a Bakali anali atabwerera m'mudzi. Koma m'makatoni munali mabuku mazana atatu osokedwa kale.

Ndinapita kwa a Likongwe. Ndinawafotokozera, n'kuwauza kuti njira ilipo: Esinati asindikize tsamba limodzi lokhalo, ine ndidule lakale n'kumata latsopano, pofika Lolemba zikhala zitatha.

"Madala, nkhaniyo ili m'buku kapena mulibe?"

"Ilimo."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Adzawerenga za pa zamkatimu. Mayi aja adzakhala pansi mpaka mwambo kutha."

Anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu. "Mwaiwerenga nkhani imeneyo? Mukudziwa amene akutchulidwamo kuti analoza ndi ndodo?"

"Sindifunika kuwerenga. Ndinali pamsika."

"Ndiye mukuona kuti Mulungu watithandiza. Mukufuna ndipatse mlendo wanga dzina limenelo kuti alitchule ndi pakamwa pake, anthu onse akuyang'ana? Palibe wachotsa kanthu pano. Ine sindinachotse, inu simunachotse. Makina aiwala okha."

"Munati saiwala."

Nkhope yawo inasintha. "Mapepala kulibe. Amene atsala ndi a zikalata za ukwati, ndipo sakhudzidwa. Mawa ndikupita ku Lilongwe kukatenga alendo, ndibwera nawo Lolemba. Wogwira mabuku amenewa atuluka pa geti, kaya ndi inu, kaya ndi Esinati. Mwatsala pang'ono kupuma, madala. Musadzithire dothi m'maso."

Esinati anali atamva zonse, poti khoma linali la bolodi. Lachisanu galimoto ya a Likongwe itangotuluka, anabwera ku tebulo langa.

"Agogo, ndisindikiza ine. Cholakwa ndi changa. Pofika madzulo masamba onse akhala atatuluka."

"Bweza momwe zinalili."

"Mwati bwanji?"

"Chotsa chizindikiro chija. Bwana akadzatsegula kompyuta adzapeze zili monga anazisiyira. Ukatero upite ku Benga ukaone mayi ako, ubwere Lolemba, ndipo anthu akuone ukukwera basi."

"Ndiye mayi aja?"

"Mwanawe, m'nyumba muno zilembo za kompyuta zili ndi mwini mmodzi. Tsamba likatuluka m'makina ako, ngakhale ine nditalumbira kuti ndinachita ndekha, adziwa kuti ndi iwe. Zilembo za mtovu nazonso zili ndi mwini mmodzi."

Anayang'ana pansi pa tebulo pamene panali chiguduli chija, ndipo anamvetsa. Anandilembera pa pepala mizere yonse ya zamkatimu monga kompyuta inaikonzera, kenako anachotsa chizindikirocho. Ndinaona dzina la a Bakali likuzimiririka pa galasi kachiwiri. Ndinatuluka panja.

Kunyumba ndinauza mayi anu, Nabanda, zonse. Anali akusenda chinangwa pakhonde, ndipo sanasiye kusenda.

"Nyumba ino ndi ya mishoni," ndinatero. "Akandichotsa, tituluka."

"Tipita kuti?"

"Ku Liwaladzi. Kumene kuli nyumba ya malemu amayi, denga lake linagwa."

Anatenga chinangwa china. "Mayiwo munawalonjeza?"

"Ndinawauza kuti adzawerenga."

"Ndiye mukundifunsiranji? Zaka zonsezi simunandifunsepo za mabuku anu. Ufa wa chinangwa uli m'chitini. Phala lake ndiphika ndine, inu mumapsereza."

Musaganize kuti sindinaope. Ndinaganiza za denga lija, za msana wanga, za wamng'ono wa inu amene anali asanamalize sukulu. Ndinaganizanso kuti a Bakali sanali m'bale wanga, sanali wa mpingo wanga, ndipo tsamba silidzutsa wakufa. Koma ndinali nditanena mawu kwa mayi wamasiye, ndipo ndinali kapitawo wa nyumba imene buku lake linali kutuluka wolozera njira akunama. Zina zonse zinali zopepuka kuposa ziwirizi.

Loweruka m'mawa ndinatsegula ndi makiyi anga. Makina opalasa anali atachita dzimbiri, makoswe atadya mphira wa zopakira inki mbali imodzi. Ndinawathira mafuta a njinga, ndinatembenuza mphirawo, ndinasungunula inki yakale youma m'chitini ndi parafini monga m'zaka za kusowa. Ndinatsegula kabati n'kutenga mapepala a zikalata za ukwati. Inde, ndinatenga. Ndinawadula pa msinkhu wa buku. Kenako ndinakoka mabokosi awiri aja. Zala zinali zitauma, koma zinkadziwabe chipinda cha chilembo chilichonse popanda kufunsa maso. Maina athu amadya a kuposa mawu ena onse, ndipo ndisanafike pakati pa tsamba zinatha. Ndinasindikiza theka lapamwamba, mwendo ukupalasa mpaka bondo linatupa, ndinamasula, ndinamanga theka lapansi, mmene munali a Bakali, n'kubwezanso mapepala onse pa makina. Ndinawayala pansi ponse kuti aume.

Lamlungu belu la tchalitchi linalira ine ndili ndi lezala m'manja. Chikhalireni ndinali ndisanajombepo mapemphero popanda kudwala. Ine ndinkadula tsamba lakale n'kusiya kamphepete, mayi anu ankapaka phala ndi nthenga ya nkhuku n'kumata, kenako tinkatsendereza ndi njerwa. Kamodzi kokha anati, "Zilembo zanu zikuoneka zachikale pambali pa zinzakezi." Ndinati, "N'chimene ndikufuna." Titamaliza ndinatenga buku limodzi, ndinakhala pansi, chala chimodzi pa zamkatimu, dzanja lina likutsegula, mutu ndi mutu mpaka kumapeto. Onse analipo. Tinabwezera mabuku m'makatoni. Buku la mlendo wolemekezeka, limene a Likongwe anali atalimanga kale ndi riboni, ndinalimasula, ndinalikonza, n'kulimanganso mfundo yomweyo.

Mwambo unachitikira pabwalo la sukulu pansi pa mitengo ya mango. Kunabwera anthu ambiri, Akhristu ndi Asilamu, ena atayenda pansi kuchokera kutali. Ine ndinaima kumbuyo. Atatha malankhulidwe, a Likongwe anapereka buku, a Tcheyamani anamasula riboni n'kutsegula. A Likongwe anasuzumira paphewa pawo, anaona zilembozo, n'kudzutsa mutu kundifunafuna m'gulu. Sindinabisale.

A Tcheyamani anayamba kuwerenga. Dzina likatchulidwa, banja linkaimirira, amayi ena akulira, kenako n'kukhala pansi. Ine ndinkadziwa mzere uliwonse, ndipo ndinkawerenga nawo chamumtima, kudikira. Ndikuuzeni zoona, ndinkadikira kuti dzinalo limutsamwe. Ndinkafuna kuona dzanja lija, limene linagwira ndodo, likunjenjemera. Anafika pamenepo. Sanaime, sanakhosomole.

"Bakali Sumani," anatero momveka bwino. Kenako anachotsa magalasi n'kuwonjezera, "M'bale wathu, tonse tinkamudziwa. Munthu wanthabwala. Zoterezi zisadzachitikenso m'dziko muno."

Anthu anaomba m'manja. Anamuombera iyeyo. Ena a iwo anali pamsika tsiku lija, ndinkawadziwa nkhope.

Mayi Mwanaisha anaimirira. Sanalire, sanaombe m'manja. Dzina lotsatira litatchulidwa sanakhale pansi. Alamu awo anawakoka nsalu, iwo osasuntha. Anaima chomwecho, akuyang'ana wowerengayo, mpaka dzina lomaliza. A Tcheyamani sanadzutsenso mutu pa bukulo. Ndi chokhacho chimene ndinaona. Atamaliza anadya nyama ndi akuluakulu a komiti, anakwera galimoto, anapita.

Lachiwiri m'mawa a Likongwe anandiitana. Anali atatsegula kale kompyuta n'kupeza zili monga anazisiyira, ndipo alonda anali atawauza kuti Esinati anakwera basi Lachisanu.

"Makiyi," anatero.

Ndinawaika pa tebulo.

"Mwaba mapepala a zikalata za ukwati. Ndikanafuna ndikanaitana apolisi."

"Mapepalawo ali m'mabuku anu. Pitani mukawawerenge."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mlendo."

"Mlendo wanu ndinamuona. Analibe manyazi oti n'kukugawirani."

Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndituluke m'nyumba. Ndinapita kwa akuluakulu a komiti, amene dzulo lake ankanyadira buku lija pamaso pa anthu. Abusa, omwe aja a disiketi, anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Pepani, a Chikuse, koma zimenezi ndi za ofesi." Wina anati ndikanayamba ndafunsa. Palibe anapita kukandilankhulira. Ndinagwira ntchito m'nyumba yosindikizira ija kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndinatuluka popanda tiyi, popanda pemphero, dzina la wakuba lili pamsana. Esinati yekha anandiperekeza mpaka pa geti atanyamula kapu yanga ndi ovolosi. Ndinamuuza kuti abwerere asanamuone. Anagwira ntchito pamenepo zaka zina, mwana wake anaphunzira. Mabokosi awiri aja anapita kwa asodzi sabata yomweyo.

Tisanasamuke, kunabwera uthenga wondiitana ku sadaka. Ndinapita nditavala jekete langa la kutchalitchi. Anandikhazika pa mphasa pakati pa amuna a m'banjamo. Shehe anawerenga duwa, ndipo pakati pa mawu Achiarabu amene sindinkawamva ndinamva dzina la Bakali Sumani, ndipo kuseri kwa mpanda kumene kunali amayi kunabuka maliro amene anachedwa zaka makumi awiri. Mpunga utabwera, mlongo wa malemuyo anaima n'kunena kuti, "Amasiye akuti mbale yoyamba ipite kwa a Chikuse." Aka kanali koyamba kumva munthu akuwatchula amasiye. Ndinadya.

Zotsala mukuzidziwa. Tinafolera nyumba ya ku Liwaladzi ndi udzu. Mayi anu anamwalirira m'menemo, osati m'nyumba ya malata, ndipo sananenepo mawu amodzi ondidandaula. Ntchito imene a Tcheyamani analonjeza a Likongwe inabwerabe. Nyumba yosindikizira ija inatsekedwa patapita zaka, ndipo lero amasungiramo chimanga. A Tcheyamani anaikidwa m'manda ndi malankhulidwe ambiri ndi nkhata za maluwa. Abusa atsopano amandiuza kuti ndikhululuke. Ndimawamvera, chifukwa ndi ntchito yawo.

Musandimvere chisoni, ndipo musapite kukakangana ndi wina aliyense chifukwa cha ine. Wina akadzanenanso kuti bambo wanu anaba mapepala, mudzavomere kuti anatengadi. M'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa jekete, muli buku limodzi la chikuto chobiriwira. Mulitsegule pa zamkatimu. Masamba ena onse ndi osalala, chifukwa makina a magetsi amangopaka inki pamwamba. Limenelo lokha zilembo zake zinaluma pepala. Ine sindithanso kuliwerenga ndi maso, koma ndikatsitsa chala, a Bakali ndimawapeza.